Khoma la akapolo ku Delphi

Aise,

Pepa ndakhala zii nthawi yaitali, ntchito kuno ku Athens yandipanikiza, koma Loweruka lapitali ndinapeza kampata nkukwera basi kupita ku Delphi, ndiye ndati ndisagone ndisanakulembere poti zakalezi iwe umazikonda kuyambira tili kusukulu. Ulendo wake ndi wa maola ngati atatu, chakumapeto msewu ukungokhotakhota m'mbali mwa phiri la Parnassus, ukayang'ana kumunsi ndi mitengo ya maolivi yokhayokha mpaka kunyanja.

Malowa anali a Apollo, mulungu wa Agiriki akale. Anthu ankachokera kutali, mafumu ndi anthu wamba omwe, kudzaombeza kwa mayi amene ankamutcha Pythia, ndipo sikuti ankaombeza tsiku lililonse ayi, kamodzi pamwezi, miyezi 9 yokha pachaka. Asanayambe ankathira mbuzi madzi ozizira, ikapanda kunjenjemera ndiye kuti tsikulo palibe chichitike ngakhale wayenda mtunda wautali bwanji. Ndinakumbukira za Makewana wa ku Msinja, mayi mmodzi kulankhula m'malo mwa Chauta mafumu nkumamvera. Zipilala zochepa zimene zaima lerozi ndi za kachisi amene anamangidwa chivomezi cha 373 BC chitagwetsa wina, ndipo winayonso anamangidwa pomwe wakale anapsa mu 548 BC.

Ukudziwa, zonsezi zinali zitakwiririka, pamwamba pake pali mudzi wotchedwa Kastri, anthu akumanga nyumba zawo ndi miyala yomweyo yakachisi. Afalansa atafuna kukumba mu 1892 mudzi onse unasamutsidwa, anthu anakaniza koma mapeto ake anachoka, ndiye tawuni ya Delphi yomwe basi imaimayi. Mu 1896 anafukula chifanizo cha mkuwa cha mnyamata woyendetsa ngolo ya akavalo, chili mu myuziyamu pompo. Aise maso ake alipobe, ngakhale nsidze, zingwe zili m'manja, zala zakuphazi ngati za munthu wamoyo. Chinapulumuka chifukwa dothi linachibisa, zinzake zambiri anthu anasungunula.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi khoma. Lili kumunsi kwa kachisi, ndi limene likuchirikiza bwalo lake, miyala ikuluikulu yosemedwa mokhotakhota, uwu kulowa mwa uwu popanda matope kapena simenti, ndipo zivomezi zonse zija silinagwe. Ukakhala patali umangoti khoma lokongola. Nditayandikira ndinaona kuti miyalayo ndi yodzadza ndi tizilembo tating'onoting'ono, mizere yothinana, mpaka ndinachita kutsinzinira diso limodzi chifukwa cha dzuwa. Ndi zikalata mazanamazana zomasula akapolo, zambiri za m'zaka za m'ma 100 BC kupita mtsogolo. Kapolo ankasonkhanitsa ndalama, koma poti pamalamulo sakanatha kudzigula yekha, ankazipereka kwa Apollo, mulunguyo nkukhala ngati wamugula kwa mbuye wake. Pamwalapo nkulemba dzina la kapolo, mtengo wake ndi mboni, kuti wina asadzamugwirenso. Ndiye pali chimene chinandipweteka mtima, ambiri ankalemberedwa kuti ngakhale wamasulidwa akhalebe pakhomo pa mbuye wakeyo kumutumikira mpaka mbuyeyo adzamwalire. Tangoganiza munthu kusunga khobidi ndi khobidi zaka zonsezo, nkukwera phiri limeneli, ufulu nkuulemba pamwala, madzulo nkubwerera kukatunga madzi a munthu yemwe uja. Ambiri mwa iwo anali azimayi.

Alendo anzanga ankangodutsa kuthamangira kukajambulitsa pazipilala, sindikuwanena, nanenso ndikanadutsa pakanapanda wolondolera alendo wina amene ndinamumva akufotokozera gulu lake. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali moti kubwalo la masewera lomwe lili pamwamba penipeni sindinafikeko, nthawi ya basi inakwana. Chigiriki chakale sindiwerenga, ndinkangotsata mizere ndi maso kusaka poyambira dzina la munthu.

Zithunzi ndikutumizira pa WhatsApp mawa, za khomalo uzikulitse kuti uone zilembozo. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndipo undiuze ngati mvula yayamba uko.

Ndine mnzako uja.