Kalata yochokera ku Nagano: phika tonjiru, mnzanga

Wokondedwa mnzanga,

Landira moni wochokera kuno ku Nagano, m'dziko la Japan. Ine ndili bwino ndipo maphunziro akuyenda, kungoti chisanu chalowa mwamphamvu. Mapiri onse otizungulira akutidwa ndi chipale chofewa. N'chifukwa chake masewera a Olimpiki a nyengo yozizira a mu 1998 anachitikira kuno.

Uthenga wako unandidandaulitsa. Wati ukaweruka usiku kumalo osamalira okalamba kuja ku Leeds ku England, umangomwa tiyi ndi buledi n'kudziponya pabedi. Ayi mnzanga, thupi lomwe limakhalira kunyamula anthu tsiku lonse silingayende ndi tiyi. Ndiye ndati ndikuphunzitse chakudya cha kuno chotchedwa tonjiru, msuzi wa nyama ya nkhumba ndi masamba wothira miso, chokometsera chopangidwa ndi soya. Mphindi 25 zimakwana kuti udye.

Anthu a kuno amaudalira kwambiri msuzi umenewu kukazizira. Ngakhale pa nthawi ya tsoka, monga chivomezi chija cha ku Tohoku, kumpoto kwa dziko lino, mu 2011, anthu ongodzipereka ankauphika m'miphika ikuluikulu n'kumagawira amene nyumba zawo zinakokoloka. Mafuta a nkhumba amayandama pamwamba, ndiye msuziwo suzizira msanga, komanso mbale imodzi imagwira m'mimba.

Gula nyama ya pamimba magalamu 200, ya mafuta pang'ono. Kuno amagulitsa yodula kale yopyapyala. Kwanuko ingoiika mufiriza kwa theka la ola kuti ilimbe, kenako uidule ndi mpeni wakuthwa. Masamba ake ndi karoti mmodzi, anyezi, mbatatesi ziwiri, bowa ngati alipo, ndi daikon. Daikon ndi muzu woyera wautali, ndipo m'masitolo a amwenye kumeneko amaulemba kuti mooli. Ajapani amaikanso koko, tofu ndi muzu wina wonunkhira dothi wotchedwa gobo, koma usavutike nazo. Chofunika ndi kudula zonse mopyapyala, chifukwa changu chonse chagona pamenepo. Ukadula zibenthu zikuluzikulu ngati za nyama ya pa ukwati, udikira ola lathunthu.

Tenthetsa sipuni imodzi ya mafuta a chitowe mupoto. Kazinga nyama mpaka kufiira kwake kutatha, kenako ponya masamba ndipo utakase kwa mphindi zitatu kuti mafuta awalowe. Usalumphe kukazingaku. Fungo limene limatuluka pamene nyama, anyezi ndi chitowe zakumana ndi limene limasiyanitsa tonjiru ndi masamba ongowiritsa.

Tsopano thira madzi mamililita 800 ndi dashi, womwe ndi msuzi wa nsomba zouma. Ambiri kuno amangogwiritsa ntchito wa ufa wa Hondashi, sipuni yaing'ono imodzi ndi theka. Koma ngati usipa umene amayi anakutumizira ukadalipo, uli ndi chinthu chabwino kale. Ajapani nawonso amapanga dashi ndi tinsomba touma totchedwa niboshi. Tapa usipa wodzadza dzanja, chotsa mitu ndi matumbo kuti usawawe, wiritsa kwa mphindi khumi, sefa, madzi akewo ndiwo uthire mupoto. Zikayamba kuwira, pamwamba pabwera thovu lotuwa. Lichotse ndi chipande, chepetsa moto, vindikira, usiye zibwate mpaka mbatatesi itafewa.

Pa miso ndiye umvetsere bwino. Ndi soya wophika amene amamusakaniza ndi mchere ndi koji (mpunga womera nkhungu yofufumitsa) n'kumusunga miyezi kuti afufume. Pafupifupi theka la miso yense wa m'dziko muno amapangidwa m'chigawo chino cha Nagano, ndiye anthu ake salola masewera pa nkhani imeneyi. Zimitsa moto kaye. Ika masipuni aakulu atatu a miso m'chipande, tunga msuzi pang'ono, sungunulira momwemo mpaka mibulu itatha, kenako sakaniza ndi zonse. Miso akawira fungo lake limathawa, umangotsala ndi mchere. Lawa, ndipo ngati sizinakolere onjezera sipuni ina. Mchere usathire usanalawe, chifukwa miso ali nawo wambiri. Ndikukudziwa, dzanja lako lithamangira tomato. Ulekeretu, amaphimba kukoma konse.

Pomaliza waza masamba a anyezi odula tizidutswa ndi tsabola pang'ono. Wa kuno amatchedwa shichimi, wosakaniza zinthu zisanu ndi ziwiri, koma kambuzi wako wouma agwira ntchito. Idya ndi mpunga woyera, msuziwo uli wotentha.

Poto ameneyu akukwanira kudya kawiri kapena katatu. Wotsala usunge mufiriji, ndipo mawa lake umakoma kuposa, chifukwa daikon amakhala atamwa msuzi. Potenthetsa usaulole kuwira. Miso umupeza m'masitolo a zakudya za ku Asia, usankhe wachikasu kapena wotuwira. Ukamusowa undiuze msanga, ndikutumizira pa positi mwezi uno usanathe.

Upereke moni kwa ana ndi kwa alamu anga. Ukalankhula ndi amayi uwauze kuti sindinawaiwale.

Ndine mnzako wa pamtima.