Ana athu a mu Reserve ku America asamadyeredwe tchuthi chawo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga okhala kuno ku America, makamaka makolo omwe ana awo ali pa ntchito m'boma koma amavalanso yunifolomu ya usilikali kamodzi pamwezi. Ana omwe tinabwera nawo ali kumsana lero ndi nzika za dziko lino, ndipo ena mwa iwo analowa mu Reserve kapena mu National Guard. Kumudzi tikati munthu ndi msilikali timaganiza za wokhala ku balaki. Awa ayi. Mkati mwa sabata ali ku ntchito wamba, Loweruka ndi Lamlungu limodzi pamwezi ali ku maphunziro a usilikali, kenaka masabata awiri pachaka amakagona kutchire. Kukavuta, boma limawaitana miyezi kapena zaka.

Mwana wanga wamkazi ali mu Army Reserve, komanso amagwira ntchito ya mashifiti mu ofesi ina ya boma lalikulu. Mu 2025 tinapangana pabanja kuti mwezi wa Ogasiti tipite ku Ntcheu kukaona chiliza cha agogo ake. Nthawi yogula matikiti itakwana, iye anandiuza kuti tchuthi chake chatha. Ndinadabwa, poti mwanayu sanapiteko kulikonse kokasangalala chaka chonsecho. Atandionetsa pepala la malipiro ndi pamene ndinaona pomwe panathera masikuwo. Ku ofesi anamuwerengera masiku 15 a tchuthi cha usilikali, ndipo atatha amenewo anayamba kudula pa tchuthi chake chapachaka, chomwe kwa munthu yemwe sanakwanitse zaka 3 pa ntchito ndi masiku 13 okha.

Cholakwika chinali pa 15 pomwepo. Lamulo la tchuthi chimenechi lili mu gawo 6323 la buku lachisanu la malamulo a dziko lino, ndipo kwa zaka zambiri linkanenadi masiku 15. Koma pa 23 Disembala 2024 Pulezidenti Biden anasaina lamulo la ndalama za chitetezo lomwe linakweza masikuwo kufika pa 20. Kwa munthu wa maola 40 pasabata, amenewo ndi maola 160 m'malo mwa 120. Masikuwa amabwera onse pamodzi pa 1 Okutobala, pomwe chaka cha ndalama za boma chimayambira, ndipo ukapanda kuwamaliza umasunga mpaka masiku 20 kulowa nawo chaka chinacho. Pa masiku amenewa umalandira malipiro onse awiri, a ku ofesi ndi a ku usilikali, popanda kudulapo kanthu.

Nditamuuza mwana wanga kuti akafunse, anandiyankha kuti, "Adadi, ndangoyamba kumene ntchito, asandione ngati wovuta." Apa ndi pamene ndinazindikira kuti vutolo ndinalibzala ndekha. Tinawalera ana athuwa kuti pamaso pa bwana uziweramitsa mutu, ukapatsidwa pang'ono uziwomba m'manja. Ulemu umenewo ndi wabwino pakhomo, koma kwa kalaliki wa malipiro yemwe akugwiritsa ntchito fomu ya chaka chatha sukuphulitsa kanthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife phulalo tinalidya ndi matikiti a ndege omwe tinawasintha tsiku pamtengo wowawa.

Aka si koyamba kuti boma lisokoneze kawerengedwe ka masikuwa. Kale maofesi ankawerengera ngakhale Loweruka ndi Lamlungu lomwe lagwera pakati pa maphunziro, chonsecho munthuyo sakanakhala pa ntchito masiku amenewo. Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lino, inakonza zimenezi kumapeto kwa chaka cha 2000, ndipo mu 2003 khoti la apilo pa mlandu wa Butterbaugh linagamula kuti ngakhale pansi pa lamulo lakale mchitidwewo unali wolakwika. Anthu ambiri anabwezeredwa masiku awo. Anabwezeredwa chifukwa ogwira ntchito ena anakana kukhala chete.

Palinso tchuthi china cha masiku 22 pachaka, cha omwe aitanidwa pa ngozi yadzidzidzi kapena pa ntchito ya nkhondo. Chimenechi n'chosiyana, chifukwa malipiro a ku usilikali amachotsedwa pa a ku ofesi, kotero munthu asayembekezere kudya kawiri.

Koma pomwe pagona ndalama zambiri ndi pa lamulo lina la mu 2009, gawo 5538. Limanena kuti wogwira ntchito m'boma akaitanidwa ku usilikali pa zifukwa zomwe lamulolo latchula, ndipo malipiro a kumeneko n'kukhala ochepa poyerekeza ndi a ku ofesi, boma limuwonjezere zotsalazo. Taganizani munthu woti ku ofesi ndi katswiri wa malipiro apamwamba koma ku usilikali ali ndi udindo wotsika. Ngongole ya nyumba siidziwa kuti mwini wake wavala yunifolomu.

Nick Feliciano anali m'modzi mwa anthu otere. Ntchito yake inali yolondolera ndege mumlengalenga pansi pa FAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege, komanso anali mu Reserve ya Coast Guard, asilikali olondera magombe a nyanja. Kuyambira mu 2012 mpaka mu 2017 anakhala nthawi yaitali pa ntchito ya usilikali, kuperekeza sitima zapamadzi pa doko la Charleston ku South Carolina. Atapempha ndalama zowonjezerazo, boma linakana. Mkangano wonse unali pa liwu limodzi. Lamulo limati munthu ayenera kukhala kuti anaitanidwa pa nthawi yomwe dziko lili pa ngozi yolengezedwa. Boma linkati sikokwanira kuti ngoziyo ilipo, munthuyo asonyeze kuti ntchito yomwe ankagwira inali yokhudzana ndi ngoziyo. Feliciano ankati "pa nthawi" ndi nthawi basi. Pa 30 Epulo 2025 Khoti Lalikulu linagwirizana naye, oweruza 5 kutsutsana ndi 4, ndipo chigamulo analemba ndi Neil Gorsuch.

Sindibisa, oweruza anayi otsutsawo, motsogozedwa ndi Clarence Thomas, anali ndi mfundo. Dziko lino limakhala pa ngozi yolengezedwa nthawi zonse. Yomwe Pulezidenti Carter analengeza mu Novembala 1979 pa nkhani ya Iran mpaka lero imangowonjezeredwa chaka ndi chaka. Ndiye ngati ngozi siitha, mawu oti "pa nthawi ya ngozi" atsala ndi ntchito yanji? Funsolo ndi lomveka. Koma ine ndimaona kuti wolengeza ngozizo ndi boma, wolemba kalata yoitana msilikali ndi boma lomwelo, ndipo msilikali sasankha kuti atumizidwe ku Iraq kapena akalondere doko. Kumuuza kuti akafufuze yekha mgwirizano wa pakati pa ntchito yake ndi ngozi yomwe sanalengeze ndi iye n'kumusenzetsa katundu wa eni. Ngati Congress ikuona kuti ndalama zikuchuluka, cholembera ili nacho.

Chenjezo limodzi kwa owerenga: zonsezi ndi za ogwira ntchito m'boma lalikulu la ku Washington. Ogwira ntchito m'maboma a zigawo amayendera malamulo a chigawo chawo, a ku positi ofesi ali ndi awoawo, ndipo a m'makampani amadalira lamulo la USERRA la mu 1994, lomwe limateteza ntchito yako kuti ukaipeze pobwera, kwa zaka 5 zonse pamodzi, ngakhale silinena kuti bwana azikulipira uli kumeneko. Lamulo lomweli limaletsanso bwana aliyense kukukakamiza kugwiritsa ntchito tchuthi chako chapachaka pa za usilikali. Umasankha wekha ngati ukufuna kutero, kapena kupita popanda malipiro a ku ofesi.

Ngakhale masiku 20 sakukwanira kwa anthu a mashifiti. Wa ntchito ya Lolemba mpaka Lachisanu amangotaya masiku 10 pa masabata awiri aja, ena 10 n'kutsala. Koma yemwe shifiti yake imagwera pa Loweruka ndi Lamlungu akhoza kufuna masiku mpaka 24 pa maphunziro a mwezi ndi mwezi okha, asanawerengere za kutchire. Olemba lamuloli ankaona munthu wa tayi wa pa desiki, anaiwala mlonda wa pandende ndi wozimitsa moto.

Mwana wanga pomaliza analemba kalata, n'kuphatikizapo makalata omuitanira ku usilikali ndi nambala ya lamulo lija. Sipanakhale mkangano uliwonse. Patatha milungu ingapo maola 40 anabwerera pa pepala lake. Ku Ntcheu tinafika mochedwa, mvula itayamba kale, ndipo azakhali ake mpaka lero sakumvetsa kuti munthu angakhale bwanji msilikali wa Loweruka ndi Lamlungu lokha.

Kholo lokhudzidwa,
Maryland, America