Musagule chitoliro ndi maso okha

Akonzi,

Ndipatseniko malo ndichenjeze anzanga oyang'anira makwaya ndi mabandi a m'mipingo ndi m'sukulu, makamaka ife a kuno ku Dedza ndi Ntcheu amene katundu wa ku Joni amatipeza msanga chifukwa chipata chili pakhomo. Ndikunena za zitoliro zachizungu zoyimba chopingasa zija (pachingerezi flute), zimene zafala pa Facebook ndi pa WhatsApp, zopanda dzina la kampani, za mtengo wokopa mtima.

Chaka chatha achinyamata a pampingo pathu analima kachewere kuti tigule zida zoyimbira. Atagulitsa, komiti inaoda zitoliro zinayi kwa mnyamata wina amene amapita ku Joni. Ine sanandifunse, chonsecho m'mudzi muno amene anagwirapo chitoliro ndine ndekha. Anandiphunzitsa bambo wina wa kumishoni ndili mnyamata. Tsiku lotsegula mabokosi amayi anayimba nthungululu. Zinkawala ngati malata atsopano. Lero papita miyezi 8, ndipo chimene chikulirabe ndi chimodzi chokha.

Mawu akuti "siliva" ndi amene anatigwetsa. Zitoliro zambiri za ophunzira, ngakhale za makampani odziwika ngati Yamaha ya ku Japan, si za siliva weniweni. Thupi lake ndi chitsulo chosakaniza mkuwa, nikelo ndi zinki, chimene amachitchula kuti nickel silver ngakhale mulibe siliva ndi pang'ono pomwe. Pamwamba amangokutirapo siliva kapena nikelo wopyapyala kuposa tsitsi. Pamenepo palibe chinyengo, ndi mmene zimapangidwira. Chitoliro cha siliva weniweni amachidinda 925, kutanthauza magawo 925 a siliva pa magawo 1,000 alionse. Koma kudinda nambala aliyense angathe. Munthu akakuuzani kuti ndi siliva yekhayekha pamtengo wa mbuzi imodzi, mubwezereni katundu wake mwaulemu.

Ndiye mungadziwe bwanji chimene anakutira? Tulukani nacho panja padzuwa. Siliva amakhala woyera mbuu, pamene nikelo amapita kotuwirako, ngati chiwongolero cha njinga. Siliva akakhalitsa amachita chikasu, kenako n'kuda, ndipo ambiri akaona zimenezi amati anaberedwa. Ayi ndithu, kudako ndi khalidwe la siliva, ndipo kumachoka ndi kansalu kofewa kopukutira siliva. Nikelo sada chotero, koma amaterera zala zikachita thukuta, komanso anthu ena amawatulutsa ziwengo. Mtsikana wina wa m'kwaya yathu anatuluka tizilonda pansi pa mlomo, agogo ake n'kuyamba kuloza anthu zala. Nditamufunsa ngati ndolo zotchipa zimamuyabwa m'makutu, anavomera. Mlandu unathera pomwepo.

Kukutira koipa kumaoneka chitoliro chikadali chatsopano, bola mukhale ndi chidwi. Yendetsani chala pang'onopang'ono kuyambira kumutu mpaka kunsi. Mukamva timatuza kapena kukhakhala ngati mchenga, dziwani kuti chitsulocho sanachitsuke bwino asanakutire, ndipo pamenepo ndi pamene padzayambire kusupuka. Suzumirani m'makona, pamene timizati togwira makiyi (tizitsulo tokanikiza ndi zala) tinawotcheredwa, ndi m'mphepete mwa poika mlomo. Pa zathu ziwiri siliva anayamba kufundula ngati njoka ndendende pamene chala chachikulu chimakhala, ndipo pansi pake panamera dzimbiri lobiriwira la mkuwa. Mkulu wina wampingo, mwa chikondi chake, anatenga phulusa ndi chiguduli n'kukwecha chimodzi ngati poto. Siliva yense wotsala anapita ndi phulusalo. Phulusa, mchenga ndi mankhwala opukutira mkuwa zisayandikire chitoliro.

Komabe, Akonzi, chimene chandilembetsa kalatayi si kuwala. Chitoliro chosupuka chingathe kuyimba bwinobwino, ndipo changa chakale chija chinali chamawangamawanga koma chokoma mawu. Moyo wa chitoliro uli m'makiyi ndi m'timapilo tofewa timene timatseka mabowo. Kapangidwe ka chitoliro cha masiku ano n'ka Theobald Boehm wa ku Munich, amene anakatulutsa mu 1847. Iye anaboola mabowo akuluakulu oti chala sichingatseke, n'kuika makiyi kuti azitseka m'malo mwa zala. Choncho kapilo kamodzi kakamadontha mpweya, mawu onse a kunsi kwake amafooka kapena kusowa kumene. Mwana amauzira mpaka chizungulire, n'kumaganiza kuti wolephera ndi iyeyo. Awiri mwa ana athu anasiya chifukwa cha zimenezi, ndipo zimandiwawa kuposa ndalama zinapitazo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Pezani kaseti yakale, mudule kachidutswa ka tepi yake. Kaikeni pansi pa kiyi, mutseke mopepuka monga mmene mwana angagwirire, kenako mukoke. Kakhale kolimba mofanana kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali zonse ziwiri. Kakatuluka mwaulere mbali imodzi, pamenepo pakudontha. Chitani zimenezi pa kiyi iliyonse, wogulitsa ayambe wadikira. Mukatero, wina wodziwa ayimbe kutsika mpaka pa noti ya C wa pansi penipeni osafinya makiyi. Ngati C ameneyo akutuluka pokhapokha zala zitakanikiza ngati pokama ng'ombe, chisiyeni.

Gwedezaninso makiyi cham'mbali. Asamachite gwedegwede. Zitoliro zopanda dzina zambiri makiyi ake ndi a chitsulo chofewa, moti mwana akangogwira molakwika polumikiza zigawo zitatu za chitolirocho, kiyi yapindika. Mukawongola lero, mawa yabwereranso. Chachitatu chathu chinathera momwemo: tinachipititsa kwa wokonza mawotchi paboma, munthu waluso ndithu, koma kiyi inathyokera m'manja mwake, ndipo ina yolowa pamenepo simungaipeze chifukwa palibe amene akudziwa kumene chinapangidwa.

M'bokosi mumakhala kandodo kopukutira m'kati, ndipo kumapeto kwake kuli kamzere. Lowetsani mbali ya kamzereyo m'mutu wa chitoliro mpaka igunde. Kamzereko kaonekere pakatikati pa bowo louzira, chifukwa chotsekera cha m'mutumo chimayenera kukhala mamilimita 17 kuchokera pakati pa bowolo. Chikasuntha, mawu apamwamba ndi apansi sagwirizana. Ikaninso pa foni pulogalamu yaulere yochunira, muone ngati noti ya A ikufika pa nambala 440. Koma kuno kwathu samalani: m'mawa wa June chitoliro chozizira chimatsika mawu, ndiye chifunditseni kaye ndi mpweya musanachiweruze.

Sindikuti chotchipa chilichonse n'choipa. Chimodzi chathu chotsala chija chinachokera m'katoni imodzimodziyo, koma chikugwira ntchito, ndipo ndi chimene ana asanu akulandizana Loweruka lililonse. Vuto la zopanda dzina n'lakuti simudziwa chimene mwatola kufikira mutayesa. Langizo langa kwa makomiti n'lakuti gulani chimodzi kaye, chikhale mwezi wathunthu m'manja mwa ana, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa kuti chikavuta adzachilandira. Ngati ndalama ilipo, chakale cha kampani yodziwika, chokhala ndi dzina ndi nambala yake pathupi, chimaposa zatsopano ziwiri, popeza timapilo take mungathe kusintha.

Achinyamata athu abzalanso kachewere chaka chino. Ulendo uno komiti yandiuza kuti ndidzapite nawo kokaona katundu, ndipo kaseti yanga yakale ndaika kale m'thumba la jekete.

Mphunzitsi wopuma,
Bembeke, Dedza