Dandaulo pa pulogalamu yojambulira maboti yomwe yatiwonongetsa zitsulo

Kwa Mkulu Woona za Makasitomala

Bwana,

Ndikulemba m'malo mwa shopu yathu yowotcherera zitsulo pa boma la Kasungu kudandaula za pulogalamu ya pa kompyuta (CAD) yojambulira maboti ndi sitima yomwe tinagula kwa inu pa layisensi ya chaka chimodzi. Gawo la pulogalamuyi lopangira mapanelo (zigawo za chitsulo zopanga thupi la boti), lomwe ndi limene tinaigulira pulogalamuyi, likutulutsa miyeso yosiyana ndi imene ikuoneka pa kompyuta, ndipo zitsulo zomwe tinadulitsa potsata miyesoyo zangounjikana pakhomo pa shopu.

Tinalandira oda yopanga boti lachitsulo lonyamula anthu ndi katundu pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa. Popeza kuno kulibe nyanja, tinakonza zoti zigawo zidulidwe ndi kulumikizidwa pang'ono kuno, kenako zikwere lole kudzera msewu wa M18 wodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, kuwotcherera komaliza kukachitikire kugombe. Njirayi si yachilendo pa nyanja yathu, chifukwa ngakhale sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera ili zigawozigawo, n'kuyamba kuyenda mu 1951 itamangidwanso kuno ku Malawi. Koma ntchito yotere imatheka pokhapokha chigawo chilichonse chikamalowa pamalo pake popanda kuchikakamiza ndi hamala.

Vuto lalikulu lili pa mbali imene makulidwe a chitsulo amagwera. Wojambula akalemba mzere wa panelo, amauza pulogalamu ngati puleti ikhale mkati kapena kunja kwa mzerewo. Wojambula wathu anamaliza mbali ya kumanja bwinobwino, ndi mapuleti okhuthala mamilimita 6, kenako anagwiritsa ntchito lamulo la Mirror kuti mbali ya kumanzere ifanane nayo, monga buku lanu la malangizo likunenera. Pa chithunzi cha 3D zonse zinkaoneka zolongosoka. Mafayilo a DXF, omwe amauza makina modula, atapita ku makina odulira a plasma ku Lilongwe, zitsulo n'kubwera, tinapeza kuti kumanzere konse makulidwe anatembenukira mbali ina, moti nthiti za boti zikupelewera ndi mamilimita 6 pamene zikukumana ndi mapanelo a m'litali. Munthu wosadziwa ntchitoyi anganene kuti mamilimita 6 ndi kanthu kochepa. Wowotcherera wathu wamkulu anapisa pensulo pampatapo, inalowa n'kutulukira kuseri, ndipo anakana kugwira ndodo yowotcherera. Ndikugwirizana naye. Kudzaza mpata wotere ndi moto kumapinda chitsulo ndipo kumasiya mfundo yofooka, ndipo boti limeneli likakumana ndi mwera wa mu June ndi July litanyamula amayi, ana ndi matumba a usipa.

Palinso nkhani ya mipata imene zitsulo zolimbitsa zimadutsamo pa makoma otchinga madzi. Mwini boti atapempha kuti pansi pakhale polimba, tinachepetsa mtunda wa pakati pa zitsulozi kuchoka pa mamilimita 500 kufika pa 450. Chithunzi chinasintha, koma DXF inasunga mipata pamalo akale, osapereka chenjezo lililonse. Khoma lotchinga madzi lokhala ndi mabowo pamalo olakwika si khomanso, ndipo kuliphatika zigamba ngati thalauza la kumunda n'zimene oyendera maboti a boma sangazilandire. Timabowo totulutsira madzi m'munsi mwa nthiti nato sitinatuluke n'komwe, chikhalirecho tinatiika, ndipo popanda ito madzi amaima m'makona dzimbiri n'kuyamba ntchito yake.

Mwina muli kutali ndi mtengo wa zinthuzi, ndiye ndikufotokozereni. Puleti imodzi ya mamilimita 6, yotalika 2,440 ndi 1,220 m'lifupi, imalemera pafupifupi makilogalamu 140. Zitsulo zoterezi zimachokera kunja, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake sinabwererenso pansi. Layisensi yanu tinailipira mu madola, omwe kuwapeza kubanki masiku ano ndi nkhani ina payokha. Puleti yodulidwa molakwika sibwezedwa kwa wogulitsa, ndipo kuwonjezera apo talipira odula, talipira lole, ndipo anyamata akulandira malipiro atangokhala.

Tinalembera ofesi yanu yothandiza makasitomala, n'kutumiza fayilo yonse ya boti, ma DXF ndi zithunzi za zitsulo zili ndi tepi yoyezera pamwamba. Yankho loyamba linali loti tichotse pulogalamu n'kuiikanso. Tinatero, ndipo palibe chinasintha. Lachiwiri linali loti wojambula wathu sanaphunzire mokwanira, ndipo linabwera limodzi ndi mtengo wa maphunziro olipira. Yankho limeneli linandipweteka kuposa zitsulo zija, chifukwa aliyense amene akanatsegula fayiloyo n'kuyerekeza mbali ziwirizo akanaona kusiyanako nthawi yomweyo. Kuyambira pamenepo mauthenga athu sakuyankhidwa.

Ndikupempha kuti katswiri wanu, osati wolandira mafoni, atsegule fayilo yathu ndipo atilembere chimene chikuchititsa kuti makulidwe atembenuke komanso kuti DXF isatsate kusintha kwa chithunzi. Ngati vutoli likudziwika kale kwa opanga pulogalamuyi, mutiuze poyera, mutipatse mtundu wokonzedwa popanda malipiro ena, ndipo muwonjezere nthawi ya layisensi yathu kuti ibweze miyezi imene yatayika. Ngati silingakonzeke, mutibwezere ndalama yonse kuti tikagule kwina. Za mapuleti owonongeka, ndaika makope a malisiti m'kalatayi kuti tikambirane gawo limene kampani yanu isenze.

Ndidikira yankho lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Likapanda kubwera, nkhaniyi ndiitengera ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe pamodzi ndi mauthenga onse amene tatumizirana. Zitsulo zodulidwa molakwikazo sitinazigulitse kwa ogula zitsulo zakale, tazisunga, ndipo nthumwi yanu ikhoza kubwera kudzaziyeza yokha tsiku lililonse la ntchito.

Ine wanu,

Mwini shopu
Kasungu