Ku Manzikert vuto silinali mantha

Akonzi,

Nkhani yanu ya sabata yatha inalakwitsa ponena kuti asilikali a Byzantium (ufumu wakale wa Aroma wakum'mawa) anagonja kwa Aturuki ku Manzikert (kum'mawa kwa dziko la Turkey la lero) mu 1071 chifukwa cha mantha.

Chinawagwetsa ndi kusagwirizana. Mfumu ya Byzantium, Romanos IV Diogenes, anagawa gulu lake pawiri, natumiza gawo lalikulu ku mzinda wina wotchedwa Khliat motsogoleredwa ndi Joseph Tarchaneiotes, ndipo asilikaliwo sanabwerenso kudzathandiza. Madzulo a tsiku la nkhondo, mfumu italamula kuti onse abwerere kumsasa, Andronikos Doukas, mtsogoleri wa gulu lakumbuyo, anangochokapo ndi gululo. Gulu limenelo ndilo linayenera kutchinga anzawo pobwerera. Musadabwe, banja la Andronikos linkadana ndi Romanos. Apa oponya mivi okwera pamahatchi a Alp Arslan, mfumu ya Aturuki, anazinga gulu lapakati nagwira Romanos.

Alp Arslan anamasula Romanos patangopita masiku ochepa. Anatolia, dera la Byzantium lomwe lero ndi mbali yaikulu ya Turkey, inatayika m'zaka zotsatira, akuluakulu a Byzantium akulimbirana mpando wachifumu n'kumalemba ganyu Aturuki omwewo kuti awamenyere nkhondo.

Chonde konzani mfundoyi, ndipo pa nkhani za nkhondo zakale muziikapo mapu osonyeza pamene gulu lililonse linaima.

Wowerenga wanu