Lipoti la maphunziro a othandiza anthu ogona m'misewu

A Tcheyamani, mamembala a komiti ya zachifundo, ndi nonse amene mumaphika ndi kugawa chakudya ku Limbe Loweruka lililonse: ndabwerako ku maphunziro amene munandituma aja. Tinalipo a m'mipingo, a m'mabungwe osamalira ana komanso alangizi a zachisamaliro cha anthu.

Tinayamba ndi malamulo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana ndi la 2010, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Choncho mnyamata wa zaka 16 wonyamula katundu pamsika ndi mwana, ngakhale atayamba kumera ndevu. M'chaka chomwecho cha 2017, khoti lalikulu ku Blantyre, pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, linathetsa ndime 184(1)(c) ya lamulo la vakabu, imene inkalola kumanga munthu pongomukayikira kuti ali pamalo ndi cholinga choipa. Ambiri ogona m'makhonde a masitolo sadziwa zimenezi, ndipo ife amene timawaona sabata ndi sabata tiyenera kuwauza.

Phunziro limene linandikhudza kwambiri ndi lobwezera mwana kwawo. Ife mtima wathu umathamangira kumulipirira basi kuti akafike kumudzi, koma aphunzitsi anati mwana wotere sachedwa kubwerera m'tauni, chifukwa chimene anathawa chidakali pomwepo: njala, nkhanza za bambo womupeza, kapena agogo okalamba amene sangakwanitse kumudyetsa. Ntchito imayambira pansi. Ukhale naye, usamufunse mafunso ambiri tsiku loyamba, umudziwe dzina lake lenileni. Kenaka wina akaone pakhomopo, akacheze ndi achibale ndi amfumu, akalankhule ndi ahedi za malo kusukulu. Mwana akapita, muzikamuyendera. Tinayeserera awiriawiri, wina kukhala mwana, wina mlangizi, ndipo mayi wina atangogwada kuti maso ake alingane ndi a "mwanayo", tonse tinaona kusiyana kwake ndi kulankhula uli chiimire, chipande chili m'manja.

Anatiletsa kujambula ana ndi kuika zithunzi zawo pa Facebook kapena WhatsApp, ngakhale pofuna kupempha thandizo. Anatinso mwana akaulula zoti wagwiriridwa, tisaikambe tokha nkhaniyo. Tiimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena tipite naye ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa ndi kuchipatala tsiku lomwelo.

Za akuluakulu, makamaka odwala maganizo, zinakambidwa mothamanga, ndipo pamenepa sindinakhutire, poti pamzere wathu wa chakudya iwowa ndi ambiri.

Ndikupempha komiti kuti tigule kaundula wolembamo aliyense amene tikumuthandiza, azisungidwa mokiyidwa ndi mlembi yekha, komanso tisankhe amayi awiri ndi abambo awiri oti akadziwane ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Blantyre. Ogawa chakudyanso tizikhala pansi kamodzi pamwezi kupepuzana zomwe taona, chifukwa ena mwa ife tikusenzera kunyumba zinthu zolemera. Mapepala onse a maphunzirowa ndawasiya kwa alembi.