Kalata ya Abusa: Poland, Japan ndi Ana Amasiye a ku Siberia

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Pamene tikukonzekera chikondwerero cha Maximilian Kolbe Woyera pa 14 Ogasiti, ndafuna kukukumbutsani kuti wansembe wa ku Poland ameneyu, yemwe ambiri timamudziwa chifukwa cha imfa yake ku Auschwitz, ndende yozunzirako anthu ya boma la Germany, mu 1941, anatumikiranso ku Japan, kumene anafika mu 1930 n'kukhazikitsa nyumba ya chipani chake ku Nagasaki.

Iye anapeza maiko awiriwa ali kale pa ubale. Japan inavomereza Poland ngati dziko loima palokha mu 1919, ndipo chimene chinkagwirizanitsa maboma awo kwenikweni chinali kuopa Soviet Union, dziko lalikulu limene linali pakati pawo. Mu 1923 msilikali wa ku Poland, Jan Kowalewski, anapita ku Tokyo kukaphunzitsa asilikali a kumeneko luso lomasulira mauthenga obisika, ndipo magulu ankhondo awiriwa ankagawana zinsinsi za mdani wawoyo. Ubale wa maboma awiriwa unasokonekera pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, pakuti mu Disembala 1941 boma la Poland linalengeza nkhondo ndi Japan.

Chimene chimandikhudza ine n'china. Nkhondo yapachiweniweni itasakaza dziko la Russia, ku Siberia kunatsala ana ambiri a makolo ochokera ku Poland, ena amasiye, ena odwala, onse anjala. Mayi Anna Bielkiewicz, amene ankatsogolera komiti yowapulumutsa ku Vladivostok, mzinda wa kum'mawa kwa Russia, anapempha thandizo ku Japan, ndipo pakati pa 1920 ndi 1922 bungwe la Red Cross la m'dzikolo linatenga ana oposa 760 n'kuwaolotsa nyanja kufika pa doko la Tsuruga ku Japan. Anawasamalira ku Tokyo ndi ku Osaka, kuwadyetsa, kuwaveka ndi kuwachiza, asanawatumize kwawo. Namwino wina wachitsikana, Fumi Matsuzawa, anatenga matenda a taifodi kwa ana amene ankawadwazika, n'kumwalira. Ana amenewa sanali a mtundu wake kapena a chilankhulo chake, ndipo analibe chinsinsi chilichonse chimene boma likanapindula nacho.

Pachifukwa ichi, chopereka chachiwiri cha Lamulungu loyandikana ndi chikondwererochi chidzakhala cha ana amasiye a m'parishi mwathu. Ndikupempha atsogoleri a miphakati kuti alembe mayina a ana ovutikitsitsa m'madera mwawo, osasankha mpingo kapena mtundu, ndi kuwapereka ku ofesi ya parishi mwezi uno usanathe.

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse.

Ine Bambo Mfumu wanu.